Mungu wa mu Ogasiti ku Beijing: pamene mankhwala azitsamba a ku China anandithandiza, ndi pamene analephera

Ndinafika ku Beijing mwezi wa Seputembala, nthawi imene ophunzira ambiri ochokera kwathu amafika chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007. Chaka choyamba mphuno zanga sizinandivute n'komwe. Vuto linayamba mu Ogasiti wa chaka chotsatira, ndipo madokotala amati umu ndi mmene zimakhalira kawirikawiri: thupi limayamba lakumana ndi mungu kwa nyengo imodzi kapena ziwiri, n'kuuzindikira, kenako n'kuyamba kulimbana nawo. Choncho inu amene mwangofika kumene, musaganize kuti mwapulumuka chifukwa chaka chino mwadutsa bwino.

Zinayamba ndi kuyetsemula kotsatizana ndikangodzuka, mamina oyera amadzimadzi ongochucha, maso ofiira, ndi kuyabwa kumtunda kwa m'kamwa mpaka m'kati mwa makutu. Aliyense ankati ndi chimfine. Koma chimfine chimabwera ndi kuphwanya kwa thupi, nthawi zina kutentha, mamina amalimba n'kusanduka achikasu, ndipo pakatha sabata kapena masiku 10 chimatha. Zanga zinalibe kutentha thupi, zinkakula tsiku la dzuwa ndi mphepo, zinkachepa ndikakhala m'chipinda chotseka mawindo, ndipo zinafika mpaka kumapeto kwa Seputembala. Usiku mphuno zinkatsekekeratu. Ndinkagona kukamwa kuli yasa, kudzuka kukhosi kuli gwa, ndipo m'kalasi mutu sunkagwira kanthu. Kusagona kumeneku n'kumene kunandifooketsa ndi kundichititsa mantha kuti mwina maphunziro andikanika.

Ku sitolo ina ya mankhwala pafupi ndi sukulu anandigulitsa kabotolo kopopera m'mphuno ka oxymetazoline. Mankhwalawa amafinya timitsempha ta magazi ta m'mphuno, ndipo pakangopita mphindi zochepa mpweya umadutsa bwinobwino. Chimene sanandiuze n'chakuti sayenera kupitirira sabata imodzi, ndipo madokotala ena amati masiku atatu okha. Mukapitiriza, mphamvu yake ikamatha minofu ya m'mphuno imatupa kuposa poyamba, mumapoperanso, nthawi ya mpumulo imafupika, mpaka simungagone popanda kabotolo kaja ngakhale mungu utatha. Nditafika pamenepo ndinagula pa intaneti mankhwala ena opopera olembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha. Anagwira ntchito mofulumira chimodzimodzi, ndipo liwiro limenelo liyenera kukudabwitsani, chifukwa zitsamba zenizeni sizitsegula mphuno m'mphindi ziwiri. Akuluakulu oyang'anira mankhwala ku China akhala akupeza zopopera zotere zitathiridwa mobisa naphazoline, m'bale wake wa oxymetazoline. Njira yodziwira ili pa bokosi. Mankhwala azitsamba ovomerezeka amakhala ndi nambala yoyamba ndi mawu akuti Guoyao Zhunzi, kenako chilembo Z ndi manambala 8. Langa linalibe nambala imeneyo; linalembetsedwa ngati mankhwala ophera majeremusi pakhungu. Ngati simutha kuwerenga Chitchaina, jambulani bokosilo mumuonetse mnzanu wa m'kalasi musanalipire.

Anzanga a ku China, mwa chikondi chawo, anandilangiza zinthu ziwiri zimene mabanja awo amachita: kumwa tiyi wa maluwa a chrysanthemum pofuna kuziziritsa maso ofiira, ndi kuotcha timitolo ta masamba ouma a chomera chotchedwa ai pafupi ndi khungu, zimene amati aijiu. Tiyi uja ankandiyabwitsa kukhosi. Utsi wa ai unanditsokomoletsa usiku wonse. Kenako ndinadya pichesi, poti Ogasiti ndiye nyengo ya mapichesi ku Beijing, ndipo milomo inatupa, pakhosi n'kuyamba kuthina. Apa m'pamene ndinasiya zoyesayesa n'kupita kukayezetsa.

Zipatala zikuluzikulu zambiri za ku Beijing zili ndi dipatimenti ya matenda a allergy, kutanthauza kudana kwa thupi ndi zinthu monga mungu. Yakale kwambiri ndi ya ku Peking Union Medical College Hospital, yomwe inatsegulidwa mu 1956. Kuyeza kuli mitundu iwiri. Kwina amadontheza timadzi ta mungu wosiyanasiyana pa mkono n'kubaya pang'ono ndi kansonga, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 amayeza kukula kwa totupa. Kuyeza kumeneku kumafuna kuti mukhale mutasiya mapiritsi a allergy monga cetirizine ndi loratadine kwa masiku angapo, apo ayi khungu silionetsa kanthu ndipo ndalama zapita pachabe. Kwina ndi kwa magazi, komwe amafufuza IgE, mapuloteni osonyeza chimene thupi likudana nacho; sikufuna kusiya mapiritsi, koma zotsatira zimatenga masiku ndipo mtengo wake ndi ma yuan (ndalama za ku China) mahandiredi angapo. Zanga zinaonetsa mungu wa chomera cha Artemisia mwamphamvu, ndi Humulus, chitsamba choyanga cha m'mbali mwa misewu, pang'ono.

Zotsatirazi zinamasulira zonse. Masamba a ai amene ndinkaotcha aja ndi Artemisia argyi, mtundu umodzi ndi chomera chimene chinkandidwalitsa. Chrysanthemum ndi wa banja lomwelo la zomera. Ndipo anthu ambiri a kumpoto kwa China odana ndi mungu wa Artemisia amadananso ndi mapichesi chifukwa muli mapuloteni ofanana. Chomerachi ife Amalawi timachidziwa kudzera njira ina: artemisinin, imene amapangira LA amene timamwa tikadwala malungo, inachokera ku Artemisia annua, ndipo wasayansi wa ku China Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi. Chomera chopulumutsa miyoyo kwathu ndi chimodzi mwa zimene zimadzaza mungu mu mpweya wa kumpoto kwa China kuyambira mu Ogasiti mpaka Seputembala. Pepala la zotsatira zanu lisungeni ndipo muzilionetsa kwa dokotala aliyense wa zitsamba asanalembe mankhwala.

Dokotala wa mphuno anandiyambitsa mometasone, mankhwala opopera a steroid, kawiri mbali iliyonse kamodzi patsiku. Awa satsegula mphuno nthawi yomweyo. Amayamba kumveka pakapita masiku angapo ndipo mphamvu yake yonse imafika pafupifupi pa masabata awiri, n'chifukwa chake ambiri amawataya msanga poganiza kuti sakugwira. Kapoperedwe kake kali ndi luso. Khutchumulani botolo, weramitsani mutu pang'ono, gwiritsani dzanja lamanja popopera mphuno yakumanzere ndi lamanzere popopera yakumanja, kuti kamlomo ka botolo kaloze kunja, cha ku khutu. Mukaloza khoma lapakati la mphuno tsiku ndi tsiku, mudzayamba kutuluka kamfuno. Musakoke mpweya mwamphamvu, chifukwa mankhwala amangopita kukhosi. Oxymetazoline ndinamusiya mbali imodzi kaye, inayo n'kutsatira itatseguka yoyambayo. Masiku amenewo anali owawa, sindibisa.

Anandiphunzitsanso kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere, chinthu chotchipa kuposa zonse chimene madokotala achizungu ndi a zitsamba omwe amagwirizana nacho. Muyeso wake ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi ya madzi, kapena magalamu awiri pa kabotolo ka mamililita 240. Madzi akhale owiritsa ndi ozizira mpaka kufunda ngati thupi, osati a pampopi. Weramani pa sinki, tsegulani pakamwa, finyani botolo pang'onopang'ono kuti madzi alowe mphuno ina n'kutulukira inayo. Mchere ukachepa kapena kuchuluka m'mphuno mumawawa. Mukafinya mwamphamvu kapena kumina mwaukali, madzi amalowa njira ya kukhutu ndipo khutu limapweteka. Tsukani kaye, dikirani mphindi 10 kapena 15, kenako poperani mankhwala.

Ku chipatala cha mankhwala achikhalidwe cha China ndinapita mungu utatha, kumayambiriro kwa nyengo yozizira, ndili ndi funso limodzi: kodi pali chimene ndingachite kuti Ogasiti wotsatira asadzandigwetse chonchi? Zipatala zikuluzikulu zotere ndi za boma, zili ndi ma laboratory ndi madokotala a ziphaso, ndipo n'zosiyana kotheratu ndi timashopu totikita minofu tomwe timagulitsanso zitsamba. Kulembetsa kuti muonane ndi dokotala wamba pa chipatala chachikulu ku Beijing ndi ma yuan 50 kuyambira 2017, ndipo akatswiri amafika 80 kapena 100. Musanapite musamwe khofi, musadye zosintha mtundu wa lilime, ndipo musalipale ndi mswachi, chifukwa dokotala amayang'ana mtundu wake ndi zoyera zapamwamba pake. Amagwira mitsempha ya pa mikono yonse iwiri ndi zala zitatu, n'kufunsa za thukuta, tulo, chilakolako cha chakudya, chimbudzi, ndi ngati mumamva kuzizidwa msanga. Pitani ndi womasulira wodalirika, pakuti mankhwala amene mupatsidwe amadalira mayankho amenewa.

Matenda amene dokotala wa mphuno anawatcha allergy, iwo amawatcha biqiu, ndipo amawagawa malinga ndi munthu. Amene ali ndi mamina amadzimadzi, woopa mphepo, wotuluka thukuta msanga, wa lilime lotuwa, amati mphamvu ya mapapo yafooka ndipo yazizira. Wosafuna kudya, wotsegula m'mimba pafupipafupi, wa lilime lokhala ndi zidindo za mano m'mbali, amati ndi kapamba. Wozizira manja ndi mapazi, womva msana, wokodza usiku, amati ndi impso. Wa mamina achikasu ndi lilime lofiira amati muli kutentha, ndipo ameneyu zitsamba zotenthetsa thupi zimamuwonjezera vuto. Mukamva kuti impso kapena mapapo anu afooka musanjenjemere. Akunena za kagawidwe kawo ka ntchito za thupi, osati zimene makina a ku laboratory angapeze. Ine anandiika m'gulu loyamba.

Mfundo imene ndinaiona yamtengo wapatali pa zonse ndi ya nthawi. Buku lawo lakale la Huangdi Neijing limaphunzitsa kuchiza matenda asanabuke, ndipo amayendera kalendala ya zigawo 24 za chaka, yomwe UNESCO inaizindikira mu 2016. Kwa munthu wodana ndi Artemisia, tsiku lofunika ndi Liqiu, chiyambi cha nyengo yoyoyoka masamba pa kalendalayi, pa 7 kapena 8 Ogasiti, pamene mungu umayamba kukwera. Umafika pachimake kumapeto kwa Ogasiti ndipo umayamba kutsika pakati pa Seputembala. Dokotala anati mankhwala olimbitsa thupi amamwedwa pa nthawi imene muli bwino, ndipo otsegula mphuno amamwedwa pa nthawi ya vuto kwa masiku owerengeka. Zili ngati kufolera nyumba: mumafolera mu Okutobala, osati mvula ili mkati.

Mankhwala olimbitsa aja ndi Yupingfeng, osakaniza mizu itatu: huangqi, baizhu ndi fangfeng. Amagulitsidwa ngati timibulu tosungunula m'madzi otentha, paketi ya magalamu 5 katatu patsiku. Sapatsidwa kwa munthu amene ali ndi chimfine chotentha thupi, ndipo mukadwala pakati pa ulendo mumayamba mwasiya. Baizhu nayenso ndi wa banja la Artemisia, ngakhale chomwe chimagwiritsidwa ntchito ndi muzu osati duwa. Dokotala ataona pepala langa anandiuza kuyamba ndi theka la paketi n'kuona ngati pakhosi kapena pakhungu payabwa. Sipanayabwe. Ndinkamva kuuma kukamwa masiku oyamba, ndipo atachepetsa muyeso zinatha.

Otsegula mphuno anachokera pa Cang'erzi San, kaphatikizidwe kolembedwa ndi Yan Yonghe mu 1253: cang'erzi, xinyi, baizhi ndi bohe. Apa ndikupemphani musamale kwambiri. Cang'erzi ndi kambewu kaminga komwe kali ndi poizoni wowononga chiwindi. Kamagwiritsidwa ntchito kokazinga, pakati pa magalamu 3 ndi 10 patsiku, kwa nthawi yochepa, ndipo anthu amwalirapo chifukwa chodya kakawisi kapena kochuluka. Nakonso ndi ka banja la Artemisia, choncho kwa ine dokotala anakachotsa n'kusiya zitatu zinazo. Ena amapatsidwa Xiaoqinglong Tang, ya m'buku la Zhang Zhongjing la zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, makamaka ngati pali chifuwa cha makhololo amadzimadzi. M'menemo muli mahuang, amene amathamangitsa mtima, kukweza BP ndi kusowetsa tulo, ndipo dziko la United States linaletsa kumugulitsa ngati chowonjezera pa zakudya mu 2004. Mulinso xixin, amene mwambo wawo womwe umati asapitirire magalamu 3, ndipo kuyambira 2005 amaloleza mizu yokha chifukwa masamba ake ali ndi aristolochic acid wambiri, poizoni yemwe anawononga impso za amayi ambiri ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Gancao, muzu wotsekemera umene umapezeka pafupifupi m'kaphatikizidwe kalikonse, ukamwedwa nthawi yaitali umakweza BP ndi kutsitsa potassium. Ngati muli ndi BP, matenda a mtima, a chiwindi kapena a impso, ngati muli oyembekezera, kapena mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, nenani zimenezi poyambirira ndipo dokotala amene amakupatsani mankhwala enawo adziwenso. Mukamwa zitsamba kupitirira mwezi, pemphani kuyezetsa magazi a chiwindi.

Amalemba mapaketi asanu ndi awiri, la tsiku lililonse, kenako mubwerere akasinthe malinga ndi mmene mwamvera. Sabata imodzi inkandidyera pakati pa ma yuan 150 ndi 300. Kuphika kwake kuli motere. Mphika ukhale wadothi, wagalasi kapena wa stainless steel, osati wachitsulo chochita dzimbiri kapena wa aluminiyamu. Nyikani zitsamba m'madzi ozizira kwa mphindi 30, madzi apitirire zitsamba ndi masentimita awiri kapena atatu. Wiritsani pa moto waukulu, zikabwata chepetsani moto. Zotsegula mphuno zimafuna mphindi 15 mpaka 20 zokha chifukwa mphamvu yake ili m'fungo ndipo imauluka. Zolimbitsa thupi zimafuna mphindi 30 kapena kuposerapo. Xinyi, yemwe ndi mphukira ya duwa la magnolia, amamangidwa m'kansalu, apo ayi ubweya wake umakanda kukhosi n'kukutsokomoletsani. Bohe, wonunkhira ngati minti, amalowa mphindi zisanu zomaliza. Sefani, thiraninso madzi ocheperapo, wiritsani kachiwiri, phatikizani madzi onse awiri n'kuwagawa pawiri, m'mawa ndi madzulo, ofunda, mutadya kale. Zikapserera tayani zonse, musathiremo madzi ena. Poti ku hostel kuphika n'kovuta ndipo fungo lake limadzaza khonde lonse, chipatala chimatha kukuphikirani pa mtengo wowonjezera pang'ono n'kukupatsani timapaketi tamadzi tosunga mu firiji. Siyanitsani zitsamba ndi mapiritsi a kuchipatala ndi ola limodzi kapena awiri.

Malangizo awo a nyengo ndi osavuta ndipo ambiri ndi anzeru. Mu Malichi amati musafulumire kuvula zovala zofunda, makamaka kukhosi ndi kumsana, chifukwa kutentha kwa masana kumanyenga. Amaletsa zakumwa za mu firiji ndi kugona moyang'anizana ndi air conditioner, ndipo zoona, mpweya wozizira umayambitsa kuyetsemula m'mphuno zotupa kale. M'mwezi womwewo mitengo ya cypress ya m'mapaki imatulutsa mungu wochuluka mpaka kuoneka ngati utsi wachikasu, ndipo mu Epulo mitengo ya poplar ndi willow imauluza thonje loyera. Ine nyengo imeneyi inangondikhudza pang'ono, koma amene kuyeza kwaonetsa cypress ayenera kuwerenga masabata awo kuchokera kumapeto kwa Febuluwale.

Mu Julayi ndinayesa sanfutie, timapulasitala tomata pakhungu m'masiku otentha kwambiri a chaka, kuyambira pakati pa Julayi mpaka pakati pa Ogasiti. Ganizo lake n'lakuti matenda obwera ndi kuzizira amachizidwa dzuwa likuswa mtengo. Kaphatikizidwe kake kanalembedwa ndi Zhang Lu mu 1695: ufa wa mbewu za mpiru woyera, xixin, gansui ndi yanhusuo, wokandidwa ndi madzi a jinja. Amamata pa malo monga Dazhui, pansi pa fupa lotuluka kumbuyo kwa khosi, ndi Feishu, mbali zonse za msana kumtunda, masiku 10 aliwonse, ndipo amalangiza kubwereza zaka zitatu zotsatizana. Akuluakulu amakhala nato maola awiri mpaka asanu ndi limodzi, ana theka la ola mpaka maola awiri. Mpiru umaotcha khungu. Kufunda ndi kuyabwa pang'ono n'koyembekezeka, koma mukamva kuwawa ngati moto, matulani nthawi yomweyo osadikira ola limene mwauzidwa. Pali chinthu chimene ogwira ntchito kumeneko sangachione msanga pa ife: amayang'ana kufiira kwa khungu ngati chizindikiro choti nthawi yakwana, ndipo pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Ine ndinatuluka matuza awiri kumsana, ndipo atapola anasiya mabanga akuda amene anatenga miyezi yambiri kuti azilale. Yambani ndi ola limodzi, ndipo ngati thupi lanu limapanga zipsera zotukuka, musamate n'komwe. Matuza musawaboole, asungeni aukhondo ndi ouma. Pa zonse zimene ndinayesa, ichi ndicho sindingachibwereze, chifukwa phindu lake sindinalione ndipo umboni wake ndi wofooka.

Kubaya singano kunali kosiyana. Ndinayamba chakumapeto kwa Julayi, kawiri pa sabata. Singano zake n'zopyapyala, zogwiritsa ntchito kamodzi, ndipo muone ndi maso anu akuzitsegula m'paketi. Amabaya pa Yingxiang, m'mbali mwa mapiko a mphuno; Yintang, pakati pa nsidze; Hegu, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala; Fengchi, kumbuyo kwa mutu; ndi Zusanli, kunsi kwa bondo, n'kuzisiya mphindi 20 mpaka 30. Mumamva kulemera kapena dzanzi, osati ululu wakuthwa. Musapite ndi njala, chifukwa ena amachita chizungulire n'kukomoka. Hegu sabayidwa kwa mayi woyembekezera. Pa nkhani ya umboni, kafukufuku wa ku Germany wofalitsidwa mu 2013, wa odwala 422, anapeza kuti obayidwa ulendo 12 m'masabata 8 anapezako bwino ndipo anamwa cetirizine wocheperapo kusiyana ndi obayidwa mongoyerekezera, koma kusiyanako kunali kochepa ndipo pa masabata 16 kunali kutazimiririka. Bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi mmero la ku America, m'malangizo ake a 2015, linati singano zitha kuperekedwa kwa ofuna, koma pa zitsamba silinapereke chigamulo. Zimenezi zikufanana ndi zimene ndinaona: mphuno zinkatseguka kwa tsiku limodzi kapena awiri ndikabayidwa, ndipo tulo tinkabwera. Kutikita Yingxiang ndi nsonga za zala kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kumathandizanso pang'ono usiku, ndipo n'kwaulere.

Chaka chimenecho mometasone ndinamuyamba masabata awiri Liqiu isanafike, ndisanamve chilichonse. Tsiku lililonse ndinkaona kuchuluka kwa mungu pa pulogalamu ya pa foni ya WeChat, kumene Beijing Tongren Hospital ndi a zanyengo amafalitsa chiwerengero cha dera lililonse. Tsiku loipa ndinkavala masiki yothina bwino ndi magalasi, kutseka mawindo, kuyanika zovala m'kati, ndipo ndikabwera kunja ndinkasamba kumaso, kutsuka m'mphuno ndi kusintha malaya ndisanakhale pa bedi. Ogasiti ameneyo ndinayetsemulabe, maso anayabwabe mpaka ndinafuna mankhwala odontheza, koma ndinkagona ndipo sindinajombe m'kalasi. Sindingathe kugawa kuti zitsamba zinachita gawo lotani, chifukwa ndinasintha zambiri nthawi imodzi. Chimene ndinaona bwino n'chakuti pamene mometasone anandithera pakati pa nyengo, ndikumwabe zitsamba ndi kubayidwa, mphuno zinatsekeka pasanathe masiku ambiri. Munthu aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala opopera kuti zitsamba zigwire bwino, kapena wolonjeza kuchotsa matendawa ndi mizu yomwe, ameneyo mumusiye.

Pali malire pamene zitsamba ndi singano zilibe malo. Mungu wa Artemisia umatha kutsikira m'chifuwa n'kuyambitsa mphumu ngakhale kwa amene sanadwalepo. Mvula yamabingu imaphwanya mungu kukhala tizidutswa tolowa mpaka m'mapapo. Kumayambiriro kwa Seputembala 2023 zipatala za mumzinda wa Hohhot, ku Inner Mongolia, zinadzaza ndi anthu obanika itagwa mvula yotere. Choncho mabingu akayamba m'nyengo ya mungu, khalani m'nyumba, mawindo otseka. Mukamva kulira kwa m'chifuwa, kubanika, kutupa kwa milomo, lilime kapena pakhosi, imbani 120, nambala ya ambulansi, kapena thamangirani ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Amene mwapeza malo a sukulu ku Inner Mongolia, Ningxia, Gansu kapena kumpoto kwa Shaanxi, dziwani kuti kumeneko munguwu ndi wochuluka kuposa ku Beijing.

Za ndalama, chimene chinandidyera kwambiri ndi singano ndi zitsamba zophika, chifukwa zimabwerezedwa sabata ndi sabata. Zonse pamodzi zinafika ma yuan masauzande angapo pa chaka, ndalama yaikulu kwa munthu wodalira ya boma ya mwezi ndi mwezi. Inshulansi ya ophunzira akunja, yomwe pa nthawi yanga inali ma yuan 800 pachaka, sibweza gawo loyamba la ndalama za odwala osagonekedwa, ndipo imafuna risiti yovomerezeka yotchedwa fapiao, kabuku ka dokotala ndi mndandanda wa mankhwala, zonse za chipatala cha boma. Funsani ku ofesi ya ophunzira akunja ngati singano ndi zitsamba zikuwerengedwa musanayambe. Amene thumba lanu ndi lopyapyala, ikani ndalama pa kuyezetsa, mankhwala opopera ndi mchere; zikatsala, singano; Yupingfeng pambuyo pake.

Pobwerera kumudzi, kalendala ya ku China musainyamule momwe ilili. Julayi wathu ndi wozizira, ndipo zimene zimavutitsa mphuno kwathu kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi fumbi ndi utsi wa moto wolusa m'tchire. Muyenera kulemba nokha miyezi imene mumadwala n'kuwerenga masabata awiri chammbuyo. Zitsamba zolembedwera inu musagawire abale, chifukwa zinalembedwa potengera lilime lanu, BP yanu ndi pepala lanu la zotsatira.

Njira imodzi yokha ndiyo imasintha mmene thupi limachitira ndi mungu, ndipo si ya zitsamba: kulizoloweza pang'onopang'ono ndi mungu womwewo. Mu 2021 China inavomereza timadontho ta mungu wa Artemisia annua toika pansi pa lilime tsiku lililonse, ndipo dontho loyamba limamwedwa kuchipatala dokotala akuyang'ana. Chithandizochi chimafuna zaka pafupifupi zitatu mosadukiza ndipo chimayambidwa miyezi ingapo nyengo ya mungu isanafike. Pamene ndinkachimva, nthawi yanga ku Beijing inali itatsala yochepa kuti ndichimalize, ndipo zinandiwawa. Ngati muli pa digiri ya zaka zinayi kapena pa maphunziro a udokotala, ndipo Ogasiti wakugwetsani, funsani za timadontho timeneti tsiku lomwe mukukatenga zotsatira za kuyeza kwanu.